Kumene Osiya Mowa Amakumana mu Lusaka, ndi Momwe Mungawapezere

Mu Lusaka munthu wofuna mowa safunsa njira. Mabala ali m'mbali mwa msewu uliwonse, mashabini ali kuseri kwa nyumba ku Kanyama, ku Misisi, ku Chibolya, ku Mtendere. Boma linaletsa tujilijili, timasacheti ta mowa waukali, mu 2012, koma mowa waukali wotchipa unangosamukira m'timabotolo ta pulasitiki. Koma munthu wofuna kusiya, amene akufunafuna chipinda chomwe anzake a vuto lomweli amakumanamo, atha kuzungulira tauni yonse osaona chikwangwani ngakhale chimodzi. Sikuti maguluwa kulibe. Amabisala mwadala, chifukwa obwera kumeneko safuna kuti aneba, abwana kapena a kutchalitchi kwawo adziwe. Ndiye sapezeka ndi maso. Amapezeka pofunsa anthu oyenera, kenako n'kutsimikiza pafoni musanakwere basi.

Malangizowa ndi a munthu amene watopa ndi kamwedwe kake, komanso a mkazi, mwamuna, kholo kapena m'bale amene akumufunira thandizo. Zofunika ndi zochepa: ndalama ya basi, talk time pang'ono, ndi kabuku kolembamo manambala.

1. Yambani ndi thupi, msonkhano ubwere pambuyo

Gawo ili ndi limene ambiri amalidumpha, chonsecho kulidumpha kungaphe munthu. Ngati mwakhala mukumwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa miyezi kapena zaka, ubongo wanu unazolowera kugwira ntchito muli mowa. Mowa umafooketsa mitsempha, ndipo thupi polimbana nawo limaikweza mphamvu. Mukadula mowa mwadzidzidzi, chofooketsa chija chachoka koma mphamvu ija ikadali pamwamba. Pakapita maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, manja amayamba kunjenjemera, thukuta kutuluka, mtima kuthamanga, tulo osabwera. Ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba. Choopsa kwambiri chimabwera pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi: munthu amasokonezeka mutu, amaona tizilombo pakhoma kapena anthu amene palibe, thupi limatentha. Madokotala amachitcha delirium tremens, ndipo chikasowa chithandizo chimapha. M'makomboni mwathumu, zikafika apa abale ambiri amati munthuyo walodzedwa kapena wagwidwa ndi ziwanda, n'kuthamangira naye kwa sing'anga kapena ku mapemphero a usiku wonse, pamene chimene akufunika ndi bedi la kuchipatala.

Dzifunseni moona mtima. Kodi m'mawa mumanjenjemera mpaka mutamwa kochotsera matsire? Kodi munayesapo kusiya n'kukomoka, kapena n'kuyamba kuona zinthu? Ngati n'choncho, musasiyire kunyumba nokha. Pitani kukiliniki ya kwanu, kapena ku chimodzi mwa zipatala za m'makomboni: Kanyama, Chawama, Chipata, Matero kapena Chilenje. Mukafika, osanena zoti “ndimamwako pang'ono”. Tchulani mabotolo angati patsiku, mowa wanji, kachasu kodi, Chibuku kapena Mosi, ndiponso nthawi imene munamwa komaliza, chifukwa mlingo wa mankhwala umachokera pamenepo. Nthawi zambiri amapereka mankhwala oziziritsa mitsempha monga diazepam kwa masiku ochepa, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Diazepam musakagule nokha. Akakumana ndi mowa m'thupi amatha kuimitsa kupuma. Ngati mukumwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a BP, kapena ngati muli ndi pakati, nenaninso pomwepo.

Akaona kuti vuto ndi lalikulu adzakulemberani kalata yopita ku Chainama Hills, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chomwe chili mu Great East Road, moyandikana ndi chipatala cha Levy Mwanawasa. Basi za ku Chelstone zimadutsa pomwepo. Dzina la Chainama limaopsa anthu chifukwa tinalisandutsa chitonzo, koma odwala ambiri amene amalandiridwa kumeneko ndi a mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo ogwira ntchito kumeneko ndi amene amadziwa bwino za kusiya mowa. Mudzawafunanso pa gawo lachitatu.

2. Dziwani chimene mukufunafuna

Mukangofunsa kuti “kuli thandizo la mowa?”, wina adzakulozerani kwa abusa, wina ku rehab, malo othandizira anthu kusiya mowa, yolipira ndalama zambiri. Muyenera kudziwa dzina la chinthu chimene mukufuna.

Gulu lodziwika kwambiri padziko lonse ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA. Linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America, pamene anthu awiri omwe mowa unawagonjetsa, Bill Wilson wochita za malonda ndi dokotala Bob Smith, anaona kuti akamalankhulana za vuto lawo amatha kugona osamwa. Buku lawo lalikulu linatuluka mu 1939, ndipo m'menemo ndi momwe muli Masitepe 12 amene mamembala amatsata. Zinthu zitatu zokhudza AA muzisunge, chifukwa ndi zomwe zidzakuthandizani kusiyanitsa gulu lenileni ndi lachinyengo. Choyamba, choyenereza munthu kulowa ndi chimodzi chokha: kufuna kusiya kumwa. Chachiwiri, palibe ndalama yolembetsera kapena ya umembala. Chachitatu, palibe dokotala, m'busa kapena bwana wa gulu. Onse okhala m'chipindamo ndi anthu a vuto limodzi, kungoti ena anatsogola kusiya. Zimayenda ngati chilimba: aliyense amaponyamo zake, ndipo tsiku limene zamuvuta ndi iye amene amanyamula zochuluka.

Kodi zimagwiradi ntchito? Mu 2020 bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo lotchedwa Cochrane linaunika pamodzi kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000, ambiri a ku America, ndipo linapeza kuti chithandizo chomwe chimalumikiza munthu ku AA chimathandiza kusiya mowa kotheratu mofanana, nthawi zina kuposa, njira zina za uphungu. Izi sizikutanthauza kuti aliyense wolowa amachira. Zikungotanthauza kuti si zongocheza.

Nkhani ya Mulungu imavutitsa anthu mbali zonse ziwiri. Opemphera kwambiri amadabwa kuti bwanji AA satchula Yesu, pamene osapemphera amakhumudwa akamva za “Mphamvu yoposa yathu”. AA si mpingo. Imasiyira munthu aliyense kumvetsa Mulungu m'njira yake, ndipo Mkatolika, wa Sabata, Msilamu ndi wosapemphera amakhala pa benchi imodzi.

Pali magulu enanso. Narcotics Anonymous, kapena NA, ndi ya anthu a vuto la mankhwala ozunguza bongo, kuphatikizapo amene mowa umayendera limodzi ndi chamba, mankhwala a chifuwa a codeine kapena zina zotero. M'maparishi ena a Katolika muli a Pioneer, bungwe lomwe linayamba ku Dublin mu 1898, lomwe mamembala ake amalonjeza kusamwa mowa. Ndi malo abwino opezera anzanu osamwa, koma dziwani kuti ambiri mwa iwo sanakhalepo zidakwa, ndiye sangamve msanga zimene mukudutsamo Lachisanu madzulo malipiro atalowa. Palinso magulu oyendetsedwa ndi aphungu m'zipatala ndi m'mabungwe, momwe odwala akale amakumana mlungu ndi mlungu. Kwa amene safuna nkhani ya uzimu n'komwe, kuli SMART Recovery, yomwe inayamba mu 1994 ndipo imaphunzitsa njira zolamulira maganizo ndi chilakolako. Iyi mudzaipeza mosavuta pa intaneti.

3. Funsani anthu amene amasunga manambala

Yambani ndi ogwira ntchito zaumoyo. Pakiliniki funsani ngati pali nesi wa matenda a maganizo kapena mphungu. Mawu ake asakhale ozungulira: “Ba sista, ndikufuna kusiya mowa. Kodi mukudziwa gulu la AA kapena gulu lina la osiya mowa limene limakumana kufupi kuno? Muli ndi nambala ya munthu wa kumeneko?” Nesi woyamba akapanda kudziwa, funsani kuti ndani angadziwe. Ku Chainama funsani aphungu ndi a social worker, chifukwa ndi iwo amene amakonza za odwala akamatuluka, ndipo mamembala a magulu otere amakonda kusiya manambala awo m'malo ngati amenewa.

Kenako kuli Drug Enforcement Commission. Anthu amaiopa chifukwa amaidziwa ndi kumanga ogulitsa chamba, koma ili ndi nthambi ya maphunziro ndi uphungu yomwe ntchito yake ndi kulandira anthu ofuna thandizo ndi kuwatumiza koyenera. Kumwa mowa si mlandu, ndipo wopita kukafunsa za uphungu sakudzipereka kupolisi. Mu Lusaka mulinso bungwe la Serenity Harm Reduction Programme Zambia, lodziwika kuti SHARPZ, lomwe linayambitsidwa ndi ansembe a chipani cha Capuchin ndipo limagwira ntchito ndi anthu a vuto la mowa pamodzi ndi mabanja awo. Ngati simungathe kuyenda lero, imbani 933, nambala yaulere ya Lifeline Zambia. Ana ndi achinyamata aimbe 116.

Tsopano matchalitchi, ndipo apa pali kanzeru kamene kamapulumutsa nthawi. Magulu a AA alibe nyumba zawozawo. Amabwereka kachipinda pa parishi, pa sukulu kapena pa holo ya bungwe, kwa ola limodzi pa mlungu. Choncho wansembe kapena abusa mwina sangadziwe zambiri, koma mlembi wa muofesi ya parishi, amene amasunga buku la obwereka zipinda, amadziwa. Mlonda wa pageti amadziwa kuposa onse, chifukwa ndi amene amatsegula chitseko. Mufunseni mwaulemu: “Pepani abambo, kodi pano pamakumana gulu la AA? Tsiku lanji?” Yambani ndi matchalitchi akuluakulu okhala ndi maholo ndi zipinda zambiri. Simukuyenera kukhala wa mpingowo.

Intaneti ibwere pomaliza. Lembani pa Google kapena pa Facebook mawu akuti Alcoholics Anonymous Zambia, kapena AA meetings Lusaka. Tsamba lalikulu la AA lili ndi ndandanda ya maofesi m'maiko osiyanasiyana, ndipo ofesi ya ku South Africa ndi imodzi mwa zokhazikika m'chigawo chino, yomwe mungailembere kufunsa za anthu a ku Zambia. Koma ndandanda za pa intaneti zimakalamba msanga. Kuyambira 2020, pamene Covid inatseka maholo, magulu ambiri anasamuka, ena analowa pa Zoom osabwereranso, ena anangotha. Chimene mukufuna patsamba lotere si dzina la malo. Mukufuna nambala ya foni.

4. Imbani musanapite

Munthu amene wadzikoka mlungu wonse kuti apite kumsonkhano, n'kukapeza chitseko chokhoma, kawirikawiri amabwerera kudzera pabala. N'chifukwa chake kuimba foni si chinthu chodumpha.

Woyankha adzakhala membala wamba, osati wa muofesi, ndipo mwina ali kuntchito. Akapanda kuyankha tumizani uthenga wa WhatsApp. Dzina loyamba lokha ndi lokwanira, ngakhale losakhala lanu lenileni. Mufunseni ngati gulu likukumanabe, tsiku ndi nthawi yake, ndi chipinda chenicheni, chifukwa parishi imodzi imatha kukhala ndi zipinda khumi. Funsani kuti mutsikire pati ndi basi yochokera kwanu. Funsani chiyankhulo: mabuku ambiri a AA amene mungawaone ndi a Chingelezi, ndiye ndi bwino kudziwiratu ngati mungalankhule Chinyanja kapena Chibemba. Funsaninso ngati msonkhanowo ndi wa open kapena wa closed. Wa open amalola aliyense, kuphatikizapo achibale ndi ongofuna kuona. Wa closed ndi wa okhawo amene akufuna kusiya mowa. Ngati ndinu mayi, funsani ngati pamabwera amayi ena, ndipo pemphani nambala ya mmodzi.

Pomaliza nenani kuti ndi koyamba. Mamembala ambiri amavomera kudikirira mlendo pageti, chifukwa kwa iwo kuthandiza watsopano ndi gawo la kuchira kwawo. Simukuwavutitsa.

5. Konzani ulendo ngati munthu wodziwa mdani wake

Ndalama ya basi yopita ndi yobwerera muiike payokha, ndipo musanyamule yochuluka kuposa pamenepo. Ngati msonkhano uli cha m'ma 18 koloko, kumbukirani mmene Great East Road, Kafue Road ndi Lumumba Road zimadzazira anthu akaweruka, ndiye nyamukani msanga. Ganiziraninso za pobwerera: basi yomaliza ya kwanu imapezeka nthawi yanji, ndipo njira yochokera pasiteshoni kukafika kunyumba imadutsa pabala limene amakudziwani dzina? Ngati n'choncho, sankhani njira ina ngakhale ikhale yotalika. Idyani kanthu musananyamuke. Njala ndi kutopa zimakweza chilakolako cha mowa.

Ena amasankha dala msonkhano wakutali ndi kwawo, wa ku Matero n'kumapita ku Woodlands, poopa kukumana ndi owadziwa. Palibe cholakwika, koma ndalama ya basi ikayamba kuvuta amasiya. Ine ndimaona kuti gulu lapafupi ndi limene munthu amakhalitsa nalo. Mukakumana ndi neba m'chipindamo, naye wabwera chifukwa cha vuto lomwelo, ndipo chinsinsi chanu ndi chakenso.

Nanga ngati tsikulo mwamwa? Pitanibe, bola musakasokoneze. Mwina adzakupemphani kuti mungomvetsera, n'kulankhula nanu pambali msonkhano ukatha.

6. Zimene mudzapeza m'chipindamo

Fikani patatsala mphindi 10 kapena 15. Mudzapeza mipando yozungulira kapena mizere, mwina ketulo ya tiyi pakona, ndi anthu osaoneka ngati zidakwa za m'maganizo mwanu: wina wa tayi, wina wa yunifolomu ya ulonda, mayi wa pamsika, mnyamata wa ku koleji. Msonkhano umatenga ola limodzi, nthawi zina ola ndi theka. Wotsogolera tsikulo ndi membala chabe. Amatsegula ndi kapemphero kakafupi, wina amawerenga ndime ya m'mabuku a gulu, kenako amafunsa ngati pali wobwera koyamba. Kwezani dzanja, tchulani dzina loyamba. Basi. Ena podzitchula amawonjezera kuti “ndine chidakwa”, koma palibe amene angakukakamizeni kunena mawu amenewo.

Kenako anthu amalankhula mmodzimmodzi. Apa ndi pamene msonkhanowu umasiyana ndi bwalo la kubanja limene mwina munaitanidwapo, pomwe amalume ndi azakhali amasinthana kukudzudzulani. Kuno munthu amanena za iye yekha: mmene ankamwera, zimene zinachitika, mmene akukhalira lero. Sadulana mawu, sayankhana, ndipo palibe wouza mnzake kuti “iwe uzichita chakuti”. Ikafika nthawi yanu mungathe kungoti, “Lero ndingomvetsera.” Pomvetsera, funafunani zofanana ndi zanu. Maganizo adzakuuzani kuti “ine sindinagonepo mu ngalande, ndiye sindili ngati awa”. Musawamvere. Mverani za kubisa mabotolo, za ngongole ya pashabini, za malonjezo a Lolemba m'mawa.

Chakumapeto kamadutsa kabasiketi kapena kachitini. Ndalamayo ndi yolipirira chipinda ndi tiyi, chifukwa AA salandira thandizo lochokera kunja. Mukakhala mulibe, kapatsireni mnzanu. Mlendo sayembekezeredwa kuponya.

Lamulo lalikulu ndi chinsinsi. Amene mwamuona ndi zimene mwamva zimatsala momwemo. Osajambula zithunzi, osalemba pa status ya WhatsApp kuti muli kuti, ndipo mukakumana ndi membala ku Soweto Market ali ndi banja lake, musamupatse moni wa kumsonkhano. Dziwaninso kuti chinsinsichi ndi pangano la ulemu, si lamulo la boma. Nkhani zolemera kwambiri, monga za milandu kapena za m'nyumba, zisungireni munthu mmodzi wodalirika kapena mphungu.

Msonkhano ukatha musathamangire kuchitseko. Mphindi za tiyi ndi zimene zimapindulitsa watsopano. Pemphani manambala a anthu awiri kapena atatu, mulembe m'kabuku kaja, ndipo funsani kuti mlungu uno kukumananso kuti. Mamembala ndi amene ali ndi ndandanda yeniyeni ya misonkhano ya mumzinda, ndipo magulu ambiri ali ndi gulu la WhatsApp lolengezerapo kusintha kwa malo.

7. Musaweruze ndi msonkhano umodzi

Msonkhano woyamba umatha kukhala wosasangalatsa. Mwina panali anthu anayi okha, mwina mdala wina analankhula mosalekeza, mwina Chingelezi chinachuluka. Pitani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo ngati n'kotheka m'magulu osiyana, musanagamule. Mudzamva ena akunena za misonkhano 90 m'masiku 90. Si lamulo, ndipo kwa munthu wokwera basi ziwiri n'zovuta. Mfundo yake ndi yakuti miyezi itatu yoyamba ndi yoterera, ndiye musalole masiku ambiri kudutsa musanalankhule ndi wina wa gulu.

M'masabata oyambawo yang'anani munthu woti akhale sponsor wanu. Ameneyu ndi membala amene watha nthawi yaitali osamwa, chaka kapena kuposerapo, amene anadutsa Masitepe 12 ndipo angakuyendetseni momwemo. Ndi amene mumamuimbira chilakolako chikakugwirani, musanagule botolo. Sankhani amene khalidwe lake mwalisirira, osati wolankhula mokoma kwambiri. Mwambo wake ndi wakuti bambo atenge bambo, mayi atenge mayi. Sponsor si wokongoza ndalama, si wopezera anthu ntchito, ndipo zikapanda kuyenda mungathe kusintha popanda mlandu.

Mukagwa n'kumwanso, pitani kumsonkhano wotsatira ndipo kanene. Ambiri mwa okhala m'chipindamo anagwapo. Ngati mwamwa kwambiri kwa masiku angapo, bwererani kaye ku gawo loyamba lija.

8. Masiku opanda msonkhano, gwiritsani ntchito foni

Pa Zoom pamakhala misonkhano ya AA usana ndi usiku, ndipo ndandanda yake imapezeka pa tsamba la Online Intergroup of Alcoholics Anonymous. Nthawi ya Lusaka ndi yofanana ndi ya Johannesburg, Harare ndi Lilongwe, choncho misonkhano ya ku South Africa ndi yosavuta kutsata. Nairobi ili patsogolo ndi ola limodzi. London ili kumbuyo ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndi maola awiri miyezi inayo. Zimitsani kamera kuti bundle ichedwe kutha, sinthani dzina looneka kuti likhale loyamba lokha, ndipo valani zomvetsera m'makutu ngati m'nyumba muli anthu. Tchajani foni malaiti akadalipo. Msonkhano wa pafoni umathandiza usiku wovuta, koma anthu a ku London sangabwere kudzagogoda pakhomo panu mukasowa masiku atatu.

Zoti muzithawe

Kumene kuli anthu osimidwa, akuba safika mochedwa. Gulu lodzitcha AA koma lofuna ndalama yolembetsera si AA. Aliyense wokuuzani kuti musiye ma ARV, mankhwala a khunyu kapena a matenda a maganizo poti “tsopano mwamasulidwa” akuika moyo wanu pachiswe, kaya ndi mneneri kaya ndi membala wa gulu. Za mankhwala zimagamulidwa ndi dokotala. Amayi achenjere ndi abambo amene amaonetsa chifundo chochuluka kwa watsopano, ofuna kukumana awiriwiri kapena kuperekeza usiku. Zikachitika, uzani amayi akale a m'gululo.

Achibale nawo amagwa m'msampha wa “mankhwala oletsa mowa” ogulitsidwa pa Facebook ndi m'misika, oti azithira mobisa m'chakudya kapena m'mowa wa munthu. Simudziwa zimene zili m'botolomo. Mankhwala enieni a mtundu umenewu, monga disulfiram, amaperekedwa ndi dokotala kwa munthu wodziwa ndi wovomera, chifukwa akamwa mowa ali nawo m'thupi amasanza, mtima umathamanga, ndipo kwa wodwala mtima zimatha kupha. Ngati mukuganiza za rehab yogonera komweko, pemphani kuona chiphaso chake cha Health Professions Council of Zambia, funsani ngati pali dokotala kapena nesi usiku, ndipo kaoneni nokha kumene odwala amagona. Malo omanga anthu maunyolo kapena kuwamenya si chipatala.

Kwa mkazi, mwamuna kapena kholo

Mungathe kuchita zonse za m'gawo lachitatu ndi lachinayi m'malo mwa womwayo: kupeza nambala, kudziwa tsiku, ngakhale kumuperekeza ku msonkhano wa open. Chimene simungathe ndi kumufunira kusiya. Mupatseni nambalayo m'mawa ali bwinobwino, osati usiku ataledzera, ndipo musamuime pamutu kuti aimbe. Inu nomwe muli ndi gulu lanu, Al-Anon, lomwe linayamba mu 1951 ndipo mmodzi mwa oliyambitsa anali Lois, mkazi wa Bill Wilson uja. Ndi la achibale a anthu omwa, kaya womwayo wasiya kaya sanasiye. La achinyamata limatchedwa Alateen. Funsani za magulu amenewa kwa anthu omwewo a AA, kapena lowani misonkhano yawo ya pa intaneti. Ngati m'nyumba muli kumenyana, musadikire kuti msonkhano umusinthe. Pitani ku Victim Support Unit ya papolisi, kapena imbani 933.

Ngati kwanu kulibe gulu

Mzinda wakula kwambiri, ndipo wokhala ku Chongwe, ku Kafue, ku Ten Miles kapena kumapeto kwa Garden House atha kupeza kuti msonkhano wapafupi ukufuna basi ziwiri. Mwambo wa AA umalola kuti anthu awiri kapena atatu ofuna kukhala osamwa akakumana adzitche gulu la AA, bola gululo lisakhale nthambi ya mpingo, chipani kapena bungwe lina. Koma musayambe m'mwezi wanu woyamba. Pitani kaye ku gulu lokhazikika kwa miyezi ingapo, muphunzire kayendetsedwe kake, ndipo pemphani membala wakale kuti adzakhale nanu pa misonkhano yoyambirira. Pezani chipinda pa parishi, pasukulu kapena pakiliniki, mugwirizane kandalama kochepa ka lendi kuti musakhale ndi ngongole ya ulemu kwa eni malo. Sankhani tsiku limodzi ndi ola limodzi, ndipo muzitsegula chitseko nthawi imeneyo mlungu uliwonse, ngakhale mutabwera awiri okha. Mabuku funsani ku gulu limene munachokera. Kenako lembani tsiku, nthawi, chipinda ndi nambala ya foni pa timapepala, mukasiye kwa nesi wa pakiliniki, kwa aphungu a ku Chainama, muofesi ya parishi ndi kwa mlonda wa pageti. Nambala kapena malo zikasintha, bwererani konseko mukakonze timapepalato.